Juzi Yofiira Pampando

LACHIWIRI

Wailesi, 07:52
juzi yako yofiira ija ndayala pampando, handbag pa desk, tiyi ndathira. aliyense akuona ngati wangotuluka pang'ono 😂

Ine, 07:55
zkm mzanga. abwana andifunsa?

Wailesi, 07:56
ndati uli ku photocopy. dzulo unali ku stores. mawa sindikudziwa ndikuika kuti, ofesi ya boma ino zipinda zake nzowerengeka

Ine, 08:03
dokotala wati BP yakwera, ndigone milungu iwiri miyendo m'mwamba. koma ndikatenga sick leave andidula masiku a maternity, nde mwana ndidzamusiya ali kakhanda

Wailesi, 08:04
wakuuza ndani zimenezo?

Ine, 08:04
aja a ku accounts

Wailesi, 08:05
omwe aja anatiuza kt ma promotion atuluka ife nkugula nsapato zatsopano?

Ine, 08:11
usandiseketse. ndikuopa zenizeni. ulendo watha uja ndinapita padera cz ndinkakakamira ntchito. iyi mimba sindifuna kuiseweretsa

Wailesi, 08:12
gona iwe. juzi ikugwira ntchito kuposa anthu ena muno

LACHINAYI

Wailesi, 10:20
🎤 voice note 0:09

Ine, 10:24
ukunong'ona sindikumva, lemba

Wailesi, 10:25
abwana aima pa desk yako. akuyang'ana kapu

Ine, 10:25
uwauze ndili ku toilet

Ine, 10:27
wailesi?

Ine, 10:33
iwe yankha plz mtima uli m'mwamba

Wailesi, 10:41
Mwadzuka bwanji mayi. Uyu si Wailesi, ndine bwana wanu. Foni ndabwereka, mwini wake ali apa akuwerenga matailosi.

Wailesi, 10:43
Miyezi yonseyi mwakhala mukuthawa fungo la tiyi, ketulo ikangolira inu panja. Sabata ino mukumwa makapu awiri pa tsiku? Ndinabereka ana anayi ine.

Wailesi, 10:52
Mukuwerenga, ma tick asanduka a buluu.

Ine, 10:58
pepani madam. dokotala anati ndigone. ndimaopa kt masiku anga a maternity adulidwa

Wailesi, 11:01
Sadulidwa. Malamulo athu amati kudwala chifukwa cha pakati ndi sick leave, maternity ndi ina payokha, ndipo palibe angakuchotseni ntchito pa chifukwa chimenecho. Kubisala kumeneku ndiye kukanakupwetekani, ndikanalemba kuti mwajomba. Tumizani chikalata cha dokotala basi.

Ine, 11:03
madam ndikulira

Wailesi, 11:04
Lirani chogona, musadzuke. A ku accounts ndikambirana nawo ndekha.

Ine, 11:06
mzangayo musamulange, ndinamutuma ndine

Wailesi, 11:07
Chilango walandira kale. Ntchito yanu yonse ili pa desk yake.

Wailesi, 11:30
ndine tsopano, foni yabwerera. ndipo shuga wako watha, tiyi uja ndinkamwa ndekha akazizira

Ine, 11:31
😂😂 nkhutukumve iwe. madzulo undibweretsere handbag ndi juzi

Wailesi, 11:34
handbag yokha. ndinati ndichotse juzi abwana andimenya dzanja. ati ikhale pompo mpaka udzabwere ndi mwana, wina asayerekeze kukhala pampando wako