Magetsi Ofiira ndi Tsitsi Langa

Lolemba, 9 Juni

Sindikuwalankhula akuluwa. Dzulo ndinakhala kusaluni mpaka matako kuchita dzanzi, pofika pakhomo mwamuna wanga kungondiyang'ana n'kuti, "Kodi mwakumana ndi kamvuluvulu panjira?" Chabwino. Pakamwa ndatseka mpaka apepese. Nawonso akuti atseke pawo. Mchere tikupemphana ndi chala.

Lachiwiri, 10 Juni

Galimoto yakana kulira. Batire yatha chifukwa magetsi ofiira akumbuyo, a buleki aja, sakuzima ngakhale kiyi ali m'thumba. Ndinawaona dzulo ndikuanula zovala, koma ndikananena bwanji? Ndili pa sitalaka ine.

Ndawamva pafoni ndi makaniko. Akuti kaswichi kali pamwamba pa chopondera buleki kasuntha, angomasula nati n'kukapotoza pang'ono mpaka chopondera chizikagunda bwino. Iwo: "Zazing'ono izo, ndipanga ndekha." Lachisanu akukatenga apongozi kudepoti. Tiona.

Lachitatu, 11 Juni

Hehede! Ntchito ija ndi ya anthu awiri. Wina mutu pansi pa chiwongolero, wina kumbuyo kuona ngati magetsi azima. Wachiwiriyo panyumba pano ndi ine basi.

M'malo mondipempha, anyamula galasi langa lakuchipinda n'kulitsamiritsa pa ndowa kumbuyo kwa galimoto kuti azidzionera okha. Tambala wa aneba wadziona mmenemo n'kuyamba ndewu. Galasi phwa! Milandu yakwana iwiri.

Lachinayi, 12 Juni

Batire achajitsa, koma kaswichi kaja apotoza mopyoza. Tsopano magetsi sakuyaka n'komwe. Amauza aneba pampanda, mokweza dala kuti ndimve, kuti wanjinga yamoto anatsala pang'ono kulowa m'buti. Ndinapitiriza kusesa ngati sizikundikhudza. Ndinaopa, zoona. Ndawasowa, mbuzi yangayi. Komabe tsitsi langa si kamvuluvulu.

Lachisanu, 13 Juni

Mmawa ndawapeza chagada, mutu pansi pa chiwongolero, miyendo panja, patapata imodzi yagwa. Apongozi aimba kale kuti basi yayandikira. Ndinaima kumbuyo kwa galimoto ndi kapu yanga ya tiyi, ngati ndikuothera dzuwa. Magetsi ali psuu, abwerera kosazima kuja.

Kenako kamawu kochokera pansi pa mipando: "Mayi a kunyumba."

Ine kumwako tiyi wanga.

"Mayi, tsitsi lija ndi labwino. Ndinalakwa. Azima?"

Anali atangozima kumene, ndinaona ndi maso angawa. Koma mwayi subwera kawiri.

"Sanazime," ndinatero. "Labwino bwanji?"

"Lonyezimira. Likukukhalani ngati mtsikana. Azima?"

"Akuphethira. Nanga galasi?"

"Ndigula lalikulu, lofika kumapazi! Mayi, magazi onse athamangira kumutu!"

Ndinaseka mpaka tiyi kutayikira pa siketi. Ndinawauza kuti amange nati, asakhudzenso kanthu. Anadina chopondera ndi dzanja, ine "Ayaka!" Anasiya, ine "Azima!" Tinabwereza mpaka aneba kusuzumira.

Potuluka ndiye zinavuta, msana unagwira. Ndinachita kuwakoka miyendo ngati thumba la makala. Ataimirira, tsitsi lawo linali nyankhalala, mbali imodzi laimirira, ladzaza fumbi la pansi pa mpando.

Ndinawayang'ana bwinobwino. Iwo anadziwiratu, anangotseka maso.

"Bambo," ndinatero, "kodi mwakumana ndi chiyani panjira?"