Bampa ya Galimoto ya Bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tiliko, kungoti mkono ndi mwendo wa bambo sizikusintha, ndipo ine msana ukundipweteka chifukwa chowanyamula.

Sabata yatha anandiuza kuti ndiwakhazike panja. Ataona galimoto yawo ija pansi pa mtengo wa mango, anakhumudwa. "Esnati, taona bampa yatuwa ngati phulusa. Ukufuna anthu aziyesa kuti mwiniwake anamwalira?"

Ndinatsuka mapulasitiki onse akunja ndi sopo, koma atauma anatuwanso. Ndinapaka mafuta ophikira monga anandilangizira dalaivala wina wa paboda. Anawala m'mawa wokha, pofika madzulo fumbi linali litamatirira paliponse. Dzulo ndinagwada ndi mswachi wakale, kupaka polishi wakuda wa nsapato mpaka zala kuuma. Bambo anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Eya. Mawa ndikuperekeza ku Thambani pa galimotoyi." Ndinangovomera, chonsecho ngakhale supuni imawakanika kugwira.

Chonde tumizani mankhwala enieni opaka mapulasitikiwa, osachoka msanga. Komanso bambo muziwaimbira foni. Galimoto ndingathe kuipukuta ndekha, koma zowauza kuti sadzayendetsanso, zimenezo mubwere tidzanenere limodzi.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Esnati