Tsango Lomaliza la Kukhoma

Paris, 9 Sepitembala

Okondedwa achimwene Aurélien,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko. Bondo la Mayi likuwalola kukwera kumunda? Nanga inu msana ukupirira madengu? Ine kuno ndilipo, kungoti chimfine cha muofesi sichikundisiya.

Chithunzi munatumiza chija ndachiona, ndipo chandidwalitsa. Ghislaine ali pakati pa mizere yathu ya mpesa, akumwetulira mano onse pamtunda, m'manja muli sizasi ya malemu Bambo, ya chigwiriro chofiira ija. Ine nditaipempha pamaliro, Mayi anati ya kumunda siipita kutauni.

Chowawa n'choti mkazi ameneyu ndinamubweretsa ndekha. Tinkakhala moyandikana kukampani ya inshulansi kuno, iye ali kalikiliki ndi mafilimu ake aja: bwana wa taye watopa ndi misonkhano, waponya foni mumtsinje, wagula chinyumba chakugwa pakati pa mpesa, kenako dzuwa, vinyo ndi chibwenzi. Ankandikokera kukaonera, ine n'kumaseka kuti m'filimu simugwa matalala, zikhadabo sizida. Ndinamuuza kuti mankhwala a matenda akewo ndi sabata imodzi yodula mphesa kwathu. Ndinkati abwerako akulira. Si uyo wasiya ntchito, akukhala m'nyumba ya aneba athu a Perrachon chaka chachiwiri tsopano! Amati mlendo ndi mame, koma mame awa sakuuma.

Ndinkadikira kumva kuti wadzicheka chala, kapena wadzaza dengu ndi timphesa towawasa timene timasiyira mbalame. M'malo mwake mukuti amafika m'munda inu musanamwe khofi. Inu kutama munthu? Alamu anga sanatamidwepo chikwatirireni! Nsanje ndili nayo, sindibisa. Iye akupsa ndi dzuwa la kwathu, ine ndikuyankha mafoni a makasitomala amene anawasiya.

Lamulungu ndinaimbira Mayi. Moni asanathe anati, "Fulumira mwanawe, supu ikuzizira, Gigi wakhala kale patebulo." Gigi! Ine wobereka okha ndikadali Odile mpaka imvi. Nditafunsa kuti wakhala mpando uti, anati wa pawindo, wanga uja, nanga ukhale wopanda munthu?

Tsono nkhani ndi iyi. Mukudziwa kuti tsango lomaliza la chaka amadula ndi mwana wamkazi wa pakhomo, asanamange maluwa pathirakitala. Chichokereni kwathu sindinaphonyepo. Chaka chino mphesa zapsa msanga ndi kutenthaku, mukumaliza Lachinayi, pomwe tchuthi changa ndinalembetsa cha kumapeto kwa mwezi. Ndinakadandaula kwa abwana. Anandiseka, amvekere nanenso ndayamba kuonera mafilimu a Ghislaine. Anati ofesi singataye anthu awiri chifukwa cha munda umodzi. Mayi nawo akuti ndisadzivute, mphesa sizidikira sitima, Gigi adula.

Achimwene, sindinakupempheniko kanthu chigawireni za Bambo. Munda munatenga, sindinatsegule pakamwa. Lero ndikupempha tsango limodzi. Pa mpesa womaliza wa kukhoma, mubise limodzi kuseri kwa masamba, osauza munthu, ngakhale alamu. Phwando chitani, Gigi adule lakelo, mumuombere m'manja, avine mpaka nsapato zithe. Ine ndifika Loweruka pa sitima ya m'mawa, ndidzakwera kumundako ndisanalowe m'nyumba. Likaola liole, mavu akadya andisiyireko phesi. Sizasi musavutike kumulanda, ndidzadula ndi mano.

Ndikadzapeza mpesa uja uli mbee, ndidzatsika mwaulemu ngati mlendo wodzaona malo, Gigi andilozere pogona.

Moni kwa Mayi, kwa alamu a Maryse, kwa azakhali a Colette ndi ana onse. Ghislaine mumupatse ngati watsalako.

Ndine mlongo wanu, mwana wamkazi wa pakhomopo mpaka pano,

Odile