Bambo Agula Vinyo Wosasunga

Okondedwa Azakhali a Delfina,

Ndikhulupirira muli bwino ku Rosario. Kuno ku Dogliani takolola mphesa mvula isanabwere, ndipo amayi akupereka moni.

Loweruka ndinaperekeza bambo kukagula vinyo kwa mnzawo uja wogulitsa vinyo, a Ermanno. Bambowa, alongo anu, mukuwadziwa. Chaka chilichonse amasankha vinyo wa Barolo n'kukasunga m'chipinda chapansi, osatsegula botolo mpaka patapita zaka zambiri. Ulendo uno analawa, kenako analoza Dolcetto, wopepuka uja womwa chaka chomwecho.

A Ermanno anaseka. "Nkhalamba iwe, wayamba liti kumwa za ana? Barolo wanga wakulakwira chiyani?"

"Amachedwa kupsa, mnzanga," anatero bambo. "Ndipatse wosafuna kudikira."

Onse awiri anaseka, koma ine ndinalephera. Mwina ndikungoganiza mopitirira, monga ndimachitira nthawi zonse. Komatu bambo aonda mpaka aboola bowo lina palamba wawo, ndipo zimene adokotala anawauza mwezi watha sakutiuza.

Dzulo anandifunsa ngati mwandilembera. Azakhali, ulendo wanu wa chaka chamawa uja, kodi sungatheke pa Khirisimasi ikubwerayi?

Ndine mwana wanu,
Ottavia