Chikombole Chimene Anandiponyera

George Kompaundi,
Lusaka.
14 Okutobala, 1976.

Okondedwa akulu anga a Marjory,

Kalata yanu yodandaula kuti ndakhala chete chaka chathunthu ndinailandira. Pepani, akulu. Manja anga anali m'matope, ndipo zala zong'ambika sizigwira bwino cholembera. Ine ndili bwino, mwana wanga Chalwe nayenso ali bwino, wayamba sukulu.

Mukukumbukira zimene anandichita alamu anga a Blackson titangoika maliro a amuna anga a Whyson. Misozi isanaume, analowa m'nyumba yathu ndi mkazi wawo, natenga bedi, wailesi, makina anga osokera, mpaka mapoto. Ati katundu wa m'bale wawo. Nyumbayo anakhalamo iwo, ine anandithamangitsa n'kundiponyera mphasa ndi chikombole choumbira njerwa cha malemu, uku akuseka. "Tengani ichi mulamu, muziphikiramo." Mawu amenewo ndimagona nawo, ndimadzuka nawo.

Tsono pali chimene ndinakubisirani. A Whyson asanadwale, kunabwera anthu a khonsolo kudzayeza misewu yatsopano, ndipo nyumba yathu inagwera pakati penipeni pa msewu. Anati eni nyumba zotere apatsidwa mapuloti kumapeto kwa kompaundi, koma amene sadzakhala atamanga pofika mvula ya chaka chino adzalandidwa. Tsiku lolembetsa a Whyson anali kuntchito, choncho dzina limene lili papepala ndi langa. Pepalalo ndinalimanga m'chiuno maliro onse. Nambala yofiira imene a khonsolo anapaka pakhoma posonyeza kuti nyumbayo idzagumulidwa, a Blackson anaiyesa keyala, mpaka anauza akumudzi kuti makalata azilembera pamenepo! Muziti bwanji sindinawachenjeze. Anandifunsa ndani?

Anandisunga ndi mnzanga wa ku tchalitchi, ba Mwaba, Mbemba wamtima wabwino. Ine ndinalumbira chinthu chimodzi: dzuwa lisalowe ndisanaumbe njerwa. Koma mu Lusaka, akulu, zokuchotsa pa ntchito n'zosatha. M'mawa ba Mwaba akufuula, "Ba Felistus, saladi yabwela ku shopu, tiyeni pa laini!" Ine ndinkati mafuta ophikirawo akhale, tidya ndiwo zamadzi, sitifa. Amayi a Chipani akabwera kudzatitenga kukavinira alendo ku eyapoti, ndinkamanga nsalu kumutu n'kubuula pamphasa, lole ikangonyamuka ine kudothi. Mulungu andikhululukire bodzalo. Kunabweranso kondakitala wina, dzina lake Edmond, wa tsitsi lonyezimira mafuta, ati akufuna banja. Ndinamupatsa fosholo kuti tiyambe taponda matope. Mpaka lero sanaonekenso.

Chimene chinatsala pang'ono kundigwetsa ndi mkazi wa a Blackson. Tsiku lina anafika pampopi atavala diresi langa la ukwati, akudzigwedeza pamaso panga. Amayi onse anatizungulira, kudikira ndeu. Magazi anandiwira, ndowa ndinali nditaikweza kale. Koma ndinakumbuka kuti womenya mnzake amakokeredwa kwa a tcheyamani, ndipo mlandu umadya masabata. Ndinatunga madzi anga n'kupita, ndikulira ndi ukali. Tsiku limenelo ndinaumba mpaka msana unakana.

Ngakhale chinamwali cha mwana wanu kumudziko ndinajomba chifukwa chomwechi, osati malungo monga ndinakutumizirani uthenga. Zimenezo zokha ndiye zimandipweteka, ndipo ndikupepesa ndi mtima wonse.

Lachisanu lapitali a khonsolo anauza a Blackson kuti atuluke mwezi usanathe, makina ogumula akubwera. Anathamangira ku puloti kwanga, nandipeza ndikukhomeretsa malata. Anayamba ndi ukali, ati puloti ndi ya m'bale wawo. Ndinamasula pepala, anawerenga kawiri. Kenaka chipewa chinatsika.

"Mulamu, ndise banja imodzi. Tipatseniko ka chipinda, mvula ili pafupi."

Akulu, chaka chonse ndinkakonzera mphindi imeneyi. Ndinalowa m'nyumba, ndinatuluka ndi chikombole chija.

"Tengani ichi mulamu, muziphikiramo."

Munthu wamkulu uja anatambasuladi dzanja. Pomwepo ndinachibweza. "Iyayi. Ngakhale ichi simuchiyenera."

Abusa adzanena zawo Lamlungu, koma ine ndisakunamizeni, mtima wanga unazizira bwino.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti chipinda chawo chilipo, abwere mukakolola. Moni kwa alamu anga, amuna anu, ndi kwa namwali wathu, nsalu yake ndidzapereka ndi manja anga. Mukadutsa kwa apongozi anga, amene anatuma a Blackson kudzasesa m'nyumba mwanga, muwapatsenso moni. Muwauze asese kwawoko, mwana wawo akubwera ndi bedi pamutu.

Chalwe akuti moni. Dzulo anandifunsa ngati atate ake adzaidziwe nyumba yatsopanoyi, poti sanaionepo. Ndamuuza kuti aidziwa, njerwa iliyonse inatuluka m'chikombole chawo.

Ndine mng'ono wanu,
Felistus.