Nantchengwa watenga duku la mayi anga

Aphungu,

Chibwerereni kuno ku Nairobi ndimawerenga malangizo anu pa foni, koma sindinkaganiza kuti tsiku lina ndidzakulemberani nkhani ya mbalame. Musandiseke chonde, mutu wanga waima.

Ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito ku bungwe lina la mpingo. Timakhala ku Spring Valley, m'nyumba ya lendi yomwe kumunsi kwake kuli kamtsinje ndi mitengo ikuluikulu. Amuna anga, a Conrad, ali ndi chizolowezi chimene anachitola konkuno, choyang'ana mbalame. Osati kuzisaka ayi, kungoziyang'ana basi. Munthu amene ali mwana ku Dedza ankayenda ndi legeni m'khosi, lero amalawira m'mamawa, magalasi oonera patali ali pachifuwa, n'kukaima pa kapinga ngati chitsa. Loweruka amakwera matatu, minibasi za kuno, kukakumana ndi anzawo, n'kumazungulira m'nkhalango ya Karura. Akabwerako nkhani ndi yomweyo: iyi mlomo wake ndi wautali wopindika ndiye kuti ndi choso, iyo imagwedeza mchira ikamayenda, ija suiona koma umaidziwira kulira kwake. Ine ndinazolowera, ndinkati bola mbalame kusiyana ndi mowa. Ngakhale ineyo masiku ano ndimasiyanitsa pumbwa ndi tchete osadzuka pampando.

Chaka chino kunabwera anantchengwa awiri, mbalame zofiirira zija za mutu ngati hamala, zokonda kudya achule m'madambo. Anayamba kumanga pamphanda ya mtengo waukulu kumunsi kwa mpanda wathu. Aphungu, chimenecho si chisa, ndi nyumba. Tsiku ndi tsiku kututa timitengo, udzu, matope, mpaka denga kutseka. A Conrad anakondwa osati masewera, kujambula m'mawa ndi madzulo, kutumizira anzawo onse.

M'nyengo yomweyo ndinakatenga mayi anga ku Ntcheu kuti adzalandire chithandizo cha khansa ya khomo la chiberekero. Anayamba bwino, ndipo madokotala ankatilimbitsa mtima. Zenera la chipinda chawo linayang'ana ku mtengo uja. Atamva kulira kwa mbalamezo anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Bena, chikulira kumunsiko si nantchengwa?" Ndinavomera. Kwathu mbalame imeneyi saiseweretsa. Amati ndi ya afiti, ikalira pafupi ndi nyumba ndiye kuti kukubwera zovuta, ndipo wopasula chisa chake tsoka limamutsata. Ine zimenezi ndinali nditaziiwala.

Tsiku lina mayi anachapa duku lawo lobiriwira n'kuliyanika pa udzu monga amachitira kumudzi. Pokaanula, duku palibe. Tinafunafuna, kenako tinangoti yapita nalo mphepo. Patapita masiku, tili pa chakudya chamasana, a Conrad anatulutsa foni akuseka n'kundipatsa. Anati, "Amayi a Deliwe, taaonetsani amayi. Wakuba uja ndamugwira." Pa chithunzipo panali chisa chija, duku la mayi litalukidwa padenga pakati pa timitengo, nantchengwa ataima pambali pake. Anafotokoza mokondwa kuti mbalameyi imakongoletsa chisa ndi chilichonse chimene yatola. Mayi anachiyang'anitsitsa chithunzicho, anasamba m'manja, n'kukalowa kuchipinda chakudya chili m'mbale.

Chiyambire tsikulo akukana kupita kuchipatala. Akuti, "Nsalu yapamutu panga ili m'nyumba ya chinthu chija, mankhwala agwira pati? Undibweze ndikafere pakati pa anthu anga." Nditati ndipeza munthu akwere, akapasule chisacho n'kutenga dukulo, analira. Anati, "Ukufuna ndiyambe ndine kukuika iwe m'manda?" Koma chimene chandipweteka kwambiri ndi chomwe anandinong'oneza dzulo: "Mkamwini wodzukira chinthu chimenechi m'mawa uliwonse, kuchijambula, n'kumaseka, ukumudziwa bwino iwe?"

A Conrad mawu amenewa sakuwadziwa. Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini ndi apongozi sakhalirana pansi kukambirana nkhani, amangopatsana moni mwaulemu chapatali. Zonse zimadzera mwa ine. Amuna angawo akuyesa kuti mayi angotopa ndi mankhwala, ndipo akuti tiwapatse buku la zithunzi za mbalame aone okha kuti palibe choopsa. Mchemwali wanga akuti ndikagule duku lofanana nalo kumsika, ndiname kuti lagwa lokha mumtengo. Achipatala andiimbira kale kufunsa chifukwa chimene tajombera. Ndikuopa, Aphungu. Ndikuopa kuti mayi anga afa ndi matenda oti akanachira, chifukwa cha mbalame. Nditani?

B.K., Spring Valley, Nairobi

Mayi B.K.,

Sindikusekani m'pang'ono pomwe. Pepani ndi matendawa, ndipo pepani kuti mwasenza zonsezi nokha pakati pa anthu awiri amene mumawakonda.

Tiyambe ndi chofulumira. Mukamaliza kuwerenga izi, imbirani achipatala. Musachite manyazi n'kuyamba kupeka zoti galimoto inafa. Auzeni mosabisa kuti mayi agwidwa ndi mantha ndipo akukana kubwera. Funsani dokotala kuti kudukiza kumeneku kungawononge chiyani, ndiponso ngati ali ndi munthu wodziwa kucheza ndi odwala amene afooka mtima. Si inu oyamba kuwabweretsera nkhani yotere. Chithandizo cha khansa sachidukiza mwachisawawa, ndiye izi zisadikire kuti za mbalame zithe kaye.

Tsopano za nantchengwa. Amuna anu akunena zoona. Mbalameyi ndi kabwerebwere wa zotolatola. Ineyo ndinaonapo chisa chake kwathu kudambo chili ndi sokosi, chigamba cha thumba la feteleza ndi kachingwe ka buluu, zonse padenga. Siidziwa kuti nsaluyo ndi ya yani, yangoona chinthu chowala chili pa udzu. Koma a Conrad andikwiyitsako pang'ono. Munthu wokulira ku Dedza sangandiuze kuti sanamvepo zimene akuluakulu amanena za nantchengwa. Amadziwa kuima zii kuti mbalame isadzidzimuke, amadziwa kuiyandikira pang'onopang'ono, koma apongozi awo odwala anangowagwetsera chithunzi pambale. Sanachite mwankhanza ayi, chimwemwe ndicho chinawatseka m'maso. Komabe kulakwa ndi kulakwa, ndipo akuyenera kudziwa.

Chisacho chisiyeni. Mwina muli mazira kapena anapiye, ndipo mwamva nokha kuti kuchipasula kuwonjezera mantha a mayi m'malo mowachotsa. Nzeru ya mchemwali wanu nayo itayeni kutali. Mzimayi amalidziwa duku lake, pomwe linasuluka ndi pomwe linathothoka ulusi. Akakugwirani bodza pa duku, adzakukhulupirirani bwanji mawa mukamawamasulira zonena za dokotala? Kuchipatalako pakamwa panu ndiye makutu awo, musapaipitse. Bukunso lija lidikire. Munthu wamantha sumutsutsa ndi zithunzi, ndipo chikhulupiriro chimene akhala nacho moyo wawo wonse simuchizula sabata ino.

Zoti muchite ndi izi. Asamutsireni mayi kuchipinda cha mbali ina, ngakhale zitatanthauza kuti inu ndi bambo mupereke chanu. Masana muzikhala nawo pakhonde lakumaso, kumene sikungalephere kubwera njiwa ndi apumbwa. Zimenezo zimalira chimodzimodzi ngati za ku Ntcheu, ndipo munthu ali kuchilendo mawu odziwika amamukhazika mtima pansi.

Kenako khalani pansi ndi amuna anu muwauze zimene zachitika: mayi sanatope ndi mankhwala, akuopa, ndipo chithunzi chija ndicho chinawalasa. Mawu a kunong'ona aja musawafikitse. Mayi analankhula ndi mantha, ndipo mawu otero akalowa m'khutu mwa mkamwini satulukamo, ngakhale matenda atatha. Apempheni kuti pakadali pano magalasi awo azikawagwiritsa ntchito ku Karura, osati kumunsi kwa mpanda mayi akuona. Mbalame sizithera chaka chino.

Popeza mwambo suwalola kukhalirana pansi, mwambo womwewo uli ndi njira yake. Ngati kumudzi kuli amalume amene mayi amawamvera, aimbireni, muwafotokozere zonse, alankhule ndi mlongo wawo. Kapena pezani mayi wachikulire wa kwathu wa mumpingo wanu konko, abwere adzacheze nawo m'Chichewa, adzanenenso mawu a a Conrad akuti, "Ndinalakwa, sindinaganize." A Conrad agule duku latsopano ndi chitenje, zidzere m'manja mwanu poyera, monga chipepeso, osati monamizira kuti ndi lakale lija. Tsiku lobwerera kuchipatala akhale iwowo oyendetsa galimoto, n'kudikira panja mpaka mutuluke. Ngati mayi ndi opemphera, itanani abusa kapena ansembe, koma muwachenjezeretu kuti abwera kudzapemphera nawo, osati kudzawadzudzula za kukhulupirira ufiti.

Koma mwana wanga, mvetserani bwino zimene mayi anu ananena. Sanati muwapezere duku. Anati muwabweze akafere pakati pa anthu awo. Ine ndikuona kuti mantha amenewa anakwera nawo ndege kuchokera kumudzi, kungoti analibe ponenera. Ali m'dziko la eni, madokotala akulankhula chinenero chimene sakuchimva, thupi likupweteka, ndipo aliyense akungowauza kuti limbani mtima muchira. Mwina palibe amene wawafunsa chimene akuopa. Nantchengwa wangowapatsa poyambira.

Ndiye afunseni, muli awiriwiri, chitseko chotseka. Funsani chimene chikuwaopsa kwenikweni, ndi chimene akufuna chichitike zinthu zikapanda kuyenda bwino. Musalonjeze kuti achira, poti zimenezo si zanu. Lonjezani zimene mungakwanitse: kuti chithandizo chikatha mudzawaperekeza nokha mpaka pakhomo pawo, ndi kuti madokotala akadzati mankhwala sakuthandiza, simudzawabisira, mudzawatengera kwawo akadali ndi mphamvu zoyendera. Anthu ambiri amavomera kupirira akadziwa kuti njira yobwerera kwawo sinatsekedwe.

Chenjezo langa ndi ili. Mayi anu ndi munthu wamkulu, ndipo thupi ndi lawo. Musawakokere m'galimoto mokakamiza kapena kuwanamiza kuti mukupita kwina. Akamva zonse kuchokera kwa dokotala, kwa abale ndi kwa inu, n'kunenabe kuti akufuna kwawo, mudzayenera kuwamvera, ngakhale mtima ukung'ambika. Ndikukhulupirira kuti sizifika pamenepo. Koma mukamawafunsa, musathamangire kuwatseka pakamwa ndi mawu otonthoza. Akayamba kunena za imfa, musanene kuti "musatero amayi." Agwireni dzanja, muwasiye amalize.

Aphungu