Mlendo wa M'chipinda cha Abambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Santhe tili bwino, kupatula amayi amene mwendo ukuwavutabe. Makuponi a feteleza tinalandira, ndipo fodya tawokera kale.

Resitihausi yathu ikuyenda pang'onopang'ono. Alendo ambiri ndi aphunzitsi ofuna kugona m'chipinda chimene malemu abambo ankalemberamo mabuku awo. Sabata yatha kunabwera mayi wina wa ku Chamama, dzina lake Esinati, ndipo anagona m'chipindamo. M'mawa ndikumupatsa tiyi ndi mbatata, anati, "Achemwali, ine mabukuwo sindinawerengepo. Amene ankalemba muno ndi bambo anga."

Ndinapita kukaitana amayi. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mphumi imeneyi ndikuidziwa. Imwa tiyi, mwana wanga, angazizire." Atachoka mlendoyo ndinawafunsa chifukwa chimene sanatiuzire zaka zonsezi. Anangoti, "Woyenera kukuuzani anali bambo anu, osati ine."

Esinati sakufuna munda kapena gawo la nyumba. Wapempha kuti dzina lake lilembedwe pa chiliza cha abambo pamodzi ndi mayina athu. Amayi akuti iwo alibe mawu, mugamule ndinu monga mwana woyamba. Mmisiri amene akukonza chilizacho ndamuuza kuti ayambe wadikira, choncho muyankhe msanga. Ngati mungathe, mutumizenso mankhwala opaka a mwendo aja.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike